Zaka Khumi pa Tebulo

Twaibu wabwera ndi foni yong'aluka pakona,
wandionetsa mzere wobiriwira
ukukwera ngati nyerere pakhoma.
Akuti, Amalume, penshoni yanu
ikungogona kubanki ngati mphaka paphulusa.
Gulani masheya a Kangaude,
anyamata olemba mapulogalamu a pakompyuta,
chaka chathachi phindu lawo lawirikiza kawiri.

Ndamuuza akhale pansi. Magetsi athima.
Ndatulutsa pensulo imene ndinachoka nayo ku Dwangwa
nditawerengera eni shuga wawo
zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Chaka chimodzi si mboni, mwana wa mlongo wanga.
Mvula ikagwa bwino
ngakhale waulesi amamweta mpunga.
Ndipatse zaka khumi.

Wafufuza. Netiweki ya kuno ku Linga
ikubwera, ikupita, ngati mlendo wangongole.
Iye akutchula, ine ndikulemba:
chaka choyamba kaphindu kochepa,
chachiwiri chimodzimodzi,
chachitatu analuza, ndipo Twaibu wachitchula mothamanga.
Chachisanu ndi chiwiri mpamene anadzuka.
Chakhumi ndi chimene chamubweretsa kuno
thukuta lili kamukamu.

Tsopano mvetsera.
Kwacha ya chaka chija si kwacha ya lero.
Dzina ndi lomwelo, koma yaonda,
malaya ake akuikhwepa.
Kumapeto kwa kope langali,
Januwale aliyense ndimalemba mitengo:
paketi ya shuga, sopo wamtanda,
lita ya mafuta ophikira,
basi yopita ku Salima ndi kubwerako.
Mai ako aang'ono ankati ndi matenda aukalaliki.
Lero matendawo agwira ntchito.

Chaka chilichonse chakale ndikuchinenepetsa
mpaka chiyankhule ndalama ya lero,
kuti zonse khumi ziime pasikelo imodzi.
Taona chimene chachitika:
phiri lako lija latsika,
lasanduka chulu.
Mwana watalika ndithu, sindikukana,
koma theka la kutalikako
ndi ndodo yoyezera imene yafupika.

Ndaphatikiza. Ndagawa pakhumi.
Mtengo wa sheya imodzi
ndaugawa ndi kaphindu kotsalako.
Makumi anayi ndi zitatu.
Zaka zimenezo ndiye ndalama yanga ibwerere,
ine wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu,
wa bondo lolosera mvula.

Twaibu sanagonje. Akuti,
Amalume, mukuyeza mphepo ndi chitini cha mpunga.
Pulogalamu ilibe nyumba yosungiramo katundu,
siifumbwa, siinyowa, siifuna lole.
Mukailemba kamodzi mumaigulitsa kachikwi.
Zaka khumi zapitazo Kangaude
anali anyamata atatu m'kachipinda ka lendi.
Mungayeze bwanji msinkhu wa munthu
pophatikiza ndi masiku amene ankakwawa?

Ndakhala chete.
Pensulo yaima pakati pa zala.
Mwanayu sakunama.
Koma ndinaonanso makina otayipira muofesi mwathu,
amene tinkati sadzatha,
akutulutsidwa pawilibala tsiku limodzi masana.
Chopanda kulemera
sichivuta kunyamula, sichivutanso kuuluzika.

Ndamuuza kuti:
ndigula a mtengo wa mbuzi ziwiri,
zoti zikafa sindidzaitana anthu.
Zotsalazo zidikire.
Nambala ija ndailemba pakalendala,
pansi pa tsiku la sikelo ya shuga wanga wam'magazi.
Ikadzatsika kufika makumi awiri udzandidzutse,
ngakhale pakati pa usiku.

Waseka, wapempha ya kabaza.

Magetsi ayaka iye atapita.
Ndabwereranso patebulo ndekha,
ndafufuta chaka chachitatu kuti ndione,
ndawerengetsanso,
kenaka ndachibwezera pamalo pake.
Chinachitika.
Sindine woyenera kuchikhululukira.