Mapazi pa Chipale

Folo koloko m'mawa, Hirosaki adakali m'tulo,
ine ndadzuka kale.
Wotchi sinalire. Landidzutsa ndi fungo.

Bambo anga a Kiyoharu ndimawatembenuza
ngati tsamba la buku lonyowa,
pang'onopang'ono, kuopa kung'amba.
Thewera, thaulo lofunda, mafuta pa mafupa a m'chiuno.
Amandiyang'ana ndi ulemu wa mlendo:
"Pepani mayi, takuvutitsani. Kodi kwanu n'kuti?"
Ndimati, "Pafupi pompano."

Mapiritsi asanu ndi awiri.
Loyera la magazi, lachikasu la mtima,
kakang'ono kaja amakabisa kunsi kwa lilime
n'kukakalavulira mumphika wa maluwa.
Duwalo ndiye lili ndi thanzi m'nyumba muno.

Phala la mpunga, masupuni khumi ndi awiri, ola lathunthu.
Langa ndimamwa choimirira, litazizira,
maso ali pa kalata ya ku ofesi ya mzinda:
pa mzere wodikira malo ku nyumba ya okalamba
ndife a nambala 143.
Chaka chatha tinali a 160.
Ndikudziwa chimene chimasuntha mzerewo,
ndipo ndimachita manyazi kuti ndimawerengera.

Mayi Kudo amabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, maola awiri.
M'maola amenewo muyenera kulowa parafini, banki, sitolo,
kukokolola chipale chofewa padenga,
ndi dzino langa lobooka limene ladikira chilimwe chiwiri.
Masiku ena ndimangoimika galimoto kuseri kwa sitolo,
injini itazima, manja pa chiwongolero,
osapita kulikonse.

Naoyuki amaimba Lamulungu kuchokera ku Yokohama.
"Mlongo wanga, ukugwira ntchito yaikulu."
Mawu ake sapweteka msana.
Mwezi watha anatumiza bokosi la mabisiketi olimba
kwa munthu wopanda mano.

Munda wa maapozi tinagulitsa zaka zinayi zapitazo.
Bambo tinawauza, analira, mawa lake anaiwala,
ndiye Febuluwale akafika manja awo amayabwa,
akufuna kukadulira mitengo.
N'chifukwa chake kiyi amagona m'khosi mwanga pa chingwe.

Koma Lachinayi lija ndinavala kiyi osakiya.
Ndinadzidzimuka mphepo ili m'nyumba, chitseko chili yasa,
mapazi pa chipale, aafupiafupi, akulowera kuphiri.
Ndinene zoona, poti pepala silikalipa:
ndinaima pakhomo.
Ndinapuma kamodzi, kawiri, mwina katatu.
M'nyumba munali zii, bata lozizira ngati madzi,
ndipo ndinamwako.
Kenaka ndinathamanga.

Ndinawapeza m'munda umene tsopano ndi wa eni,
atavala zogonera,
akusisita nthambi ndi zala zouma ndi chisanu.
"Iyi ichoke," akutero, "dzuwa lipeze polowera."
Anacheuka.
"Tomoe, watuluka wopanda chipewa?"

Dzina langa.
Miyezi khumi ndi inayi ndisanalimve pakamwa pawo.
Anavula m'khosi mwawo kansalu kamene panalibe
n'kundikulunga nako, kawiri, ngati kale popita kusukulu,
ndipo ndinamva kufunda, musanditsutse.

Pobwerera ndinawabereka,
opepuka ngati mtolo wa nthambi zodulira.
Pofika pakhomo ndinali nditasandukanso mayi wachilendo uja,
ndipo anandithokoza kwambiri.

Naoyuki sindinamuuze.
Mayi Kudo ndinawauza theka.

Usiku uno ndakiya, ndabwerera, ndagwedeza chitseko.
Makina ochapira akuzungulira nsalu zachitatu,
msana ukundiwerengera zaka zanga,
mawa kuchipatala naini koloko,
ndisaiwale kufunsa za chilonda cha pachidendene,
ndisaiwale kufunsa, munthu ngati ine akadwala
amauza ndani.

Kuchipinda akutsokomola. Ndamvetsera. Asiya.

Nsapato yanga ina inatsala m'chipale usiku uja.
Sindinapeze nthawi yokaifuna.
Idzaoneka yokha mu Epulo,
penapake pakati pa khomo lathu ndi mitengo ija,
itadzaza madzi.