Maso a Nkhono ku Sapporo

Chipale chakwirira khomo la sitolo mpaka m'mawondo.
M'chipinda chapamwamba, monunkha khofi wopserera ndi masokosi onyowa,
tatsala awiri:
ine ndi Bambo Tsurumaki,
ogulitsa mankhwala ku Shiroishi, munthu wosadziwa liwiro.

Zilombo zawo sizimenya.
Kamba wamchere amangoti phwii pakati pa sikirini.
Bowa wotuwa amawaza poizoni n'kuthawira kumbuyo.
Nkhono yachitsulo ukaithira moto imalowa m'chigoba,
n'kutuluka itapola ngati sunaikhudze,
ikubwatula nyenyeswa za m'kathumba kam'khosi mwake.

Chaka chatha ndinaswa mutu pakhoma limeneli.
Ndinadza ndi kambuku wamphezi, ndi njati yamoto,
zaukali zokhazokha.
Ndinamenya. Ndinamenyanso.
Maulendo makumi asanu ndi awiri ndikumenya,
poizoni akudya zilombo zanga ngati chiswe m'mtanda wa denga,
iwo akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi.
Ndinalirira m'sitima yapansi
kuchokera ku Odori mpaka kwathu,
chipewa nditachikokera m'maso.

Kenaka ndinagula kope.
Kufakitale yolongedza mpunga, nthawi yopuma ya usiku,
anzanga akusinza pabenchi,
ndinkaonera makanema a nkhondo zawo zakale n'kumawerenga:
nkhono imadzichiza kangati isanatope,
bowa amalowa liti,
dzanja lawo limazengereza pati lisanagunde batani.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero,
koma sanena kuti kudekhako kumawawa msana.

Lero ndayambitsa khwangwala.
Wowonda, wopanda nyonga, anyamata a kumbuyo aseka.
Ntchito yake ndi imodzi, mwano.
Watukwana nkhono ija pamaso pa anthu,
ndipo nkhono, yokwiya, yaiwala chigoba,
yaiwala mankhwala,
yatulutsa mutu kuti ilume.
Maulendo atatu okha. Akwana.
Khwangwala watsomphola kathumba kaja
nyenyeswa mbwee pansi,
kenaka wafa, monga tinapanganirana.

Bambo Tsurumaki aika kapu pansi.

Bowa walowa, monga ndinalembera patsamba lachisanu ndi chinayi.
Pansi ndinali nditatchera kale mchenga wotitimira.
Sathawa lero.
Wawaza poizoni wake pa nkhanu yanga yamwala
yomwe poizoni saigwira,
ndipo nkhanu sikumenya ayi,
ikunola mano.
Kamodzi.
Mtima ukuti menya tsopano, Fumika, menya.
Kawiri.
Chala changa chikunjenjemera pamwamba pa batani lolakwika.
Katatu.

Khoma siligwa ndi phokoso monga ndinkalotera.
Lang'aluka pakona,
kamba wagadama, mchere wake wamwazika,
nkhono yabwerera yopanda kathumba
yadzichiza, yadzichizanso,
mpaka mankhwala atha
ndipo ndaona maso ake.
Ang'onoang'ono. Otopa ngati anga.

Palibe wakuwa.
Mwini sitolo akuyang'ana wotchi, sitima yomaliza ndi ya pakati pa usiku.
Ndaweramitsa mutu, nawonso aweramitsa.
Manja anga ndi ozizira ngati ndagwira njanji.
Ndimayesa ndivina,
koma ndangozindikira kuti maulendo makumi asanu ndi limodzi apita
ndipo ambiri mwa iwo ine sindinamenye.

Akuvala jasi, batani limodzilimodzi.
"Kope lanulo," akutero, "ndingaonemo?"
Akutsegula ndi zala zonunkha kamfa,
akuyenda ndi chikhadabo pamizere yanga
ngati akuwerenga chikalata cha dokotala.
Aima patsamba lachinayi.

"Apa munaphonya. Nkhonoyi imadzichiza kakhumi ndi kamodzi,
osati kakhumi."

"Nanga bwanji simunaichize komaliza?"

Andibwezera kope, akumanga mpango m'khosi.
"Ndinaiwala kuwerenga," akutero.
"Ndimayang'ana khwangwala uja."

Kunja chipale chikugwabe.
Akutsika masitepe patsogolo panga, phazi limodzi, kenaka linzake,
ndipo njira ndi yopapatiza,
sindingawadutse.