Kadontho

Ku Tartu kuno mdima umagwa tiyi wa masana asanazizire.
Ofesi yathu ili pamwamba pa shopu ya nsapato,
ndipo ntchito yanga nyengo yozizira ino
ndi kaundula wa manda a tauni ya kwathu:
mizere zikwi zinayi ndi mazana awiri,
mzere uliwonse dzina, chaka chobadwa, chaka chomwalira.

Amene anaulemba poyamba anali ndi chizolowezi chake.
Pakati pa zaka ziwirizo ankaikapo mawu atatu.
Ife tikufunapo kamtanda basi.

Sabata yoyamba ndinkangokapa madzi ndi supuni:
dzanja ku mausi, dzanja ku kiyibodi,
kusaka, kufufuta, kulemba,
mpaka phewa linayamba kundidandaulira usiku.

Vello, wa desiki la pawindo, mawu amachita kuwerenga.
Mausi yake anaitsekera kalekale m'dirowa
pamodzi ndi mabatire akutha.
Lachinayi anaima kumbuyo kwanga, kapu ili m'manja,
n'kundionerera ndikufufuta mawu omwewo kachisanu ndi chitatu.
"Piret," anatero, "konza kamodzi, koma ukonze bwino.
Ukatero uzingodina kadontho."

Kadontho!
Kabatani kamene ndinkakayesa kongotsekera chiganizo,
kani kamakumbukira.
Osati zambiri ayi,
chomaliza chimene wachita, chokhacho,
ndipo kamachichitanso osafunsa chifukwa.

n kulumphira dzina lotsatira, kadontho kukonza.
n, kadontho. n, kadontho.
Zala ziwiri zinayamba kuyenda
ngati mapazi a munthu wodziwa njira ya kwawo mumdima.

Lachisanu chala chinaterereka, ndinaika mitanda iwiri,
kadontho n'kundikhulupirira.
Anthu makumi atatu ndi asanu ndi awiri
anamwalira kawiri ndisanazindikire.
Vello anasekera m'mphuno, naloza batani la u,
ine n'kubwerera chafutambuyo
kukawapepesa mmodzimmodzi.

Anandionetsanso njira ina:
kujambula zonse zimene zala zikuchita,
n'kulamula makina abwereze kachikwi
iwe uli kukhitchini kudikira ketulo.
Ndinayesa pa mizere khumi. Zinatheka m'kuphethira kwa diso.
Koma ndinabwerera ku kadontho kanga.
Ndimafuna dzina lililonse lindidutse m'maso,
ngakhale kwa kamphindi.

Lachiwiri lotsatira, chipale chofewa chikugunda pawindo,
n anandifikitsa pa mzere wa 3106.
Endel Sikk.
Chala chinaima m'malere.

Bambo anga,
amene m'mawa uliwonse ankagogoda kawiri
galasi la choyezera nyengo pakhoma,
kaya kunja kwacha bwino, kaya kwaipa,
n'kunena mawu omwewo: "Tiona."
Zaka makumi anayi, kugogoda komweko,
ndipo ine ndinkanyansidwa nako.

Kachizindikiro kankaphethira pa sikirini, kakudikira.
Kadontho kakanatha kumaliza zonse,
mofanana ndi mmene kanachitira kwa enawo, mosalakwitsa.
Sindinakadine.
Ndinafufuta mawu atatuwo ndekha, chilembo ndi chilembo,
n'kuika kamtandako pang'onopang'ono
monga mmene ndinawakonzera kolala tsiku lija.

Vello sanacheuke.
Anangosiya kutaipa kwa kanthawi,
ndipo pansipa tinamva wogula nsapato akuponda, kuyesa saizi.

Kenako n.
Dzina lachilendo, mayi wina wobadwa mu 1928.
Ndinadina kadontho,
ndipo m'pamene ndinazindikira:
chomaliza chimene ndinachita
ndi chija ndinachitira bambo anga.
Ndicho kanasunga.

Panatsala mayina chikwi ndi makumi asanu ndi anayi kudza anayi.
Onsewo analandira kamtanda komweko,
kochokera m'dzanja lomwe lija.
Nditamaliza, basi ya hafu faifi inali itapita.
Ndinazimitsa nyale, ndinavala magolovesi,
ndipo potuluka, mosaganiza,
ndinagogoda kawiri pagalasi la chitseko.