Moto wa ku Guntur

Mwezi wa Malichi ku Guntur ngakhale agalu amayetsemula.
Tsabola amayanikidwa mpaka polekezera maso,
psuu, ngati nthaka yasendeka khungu.
Mayi anga, a Venkayamma, amakhala pachiguduli
kuthothola timichira ta tsabolayo,
kilo imodzi, ina, inanso,
zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri tsopano.
Chaka choyamba, akuti, ankagona manja ali m'mbale ya chambiko.
Lero amatola khala lamoto ndi zala
n'kulibwezera pambaula osaphethira.

Amene amapsa ndi bambo.
Shuga adawadya mitsempha ya kumapazi
mwakachetechete, ngati chiswe m'phaso.
Usiku chofunda chikangokhudza chala chachikulu
amadzambatuka ngati aponda minga.
Nagamani, tayatsa nyali, pali china chake apa.
Ndimayatsa. Ndimayang'ana.
Palibe bala, palibe chotupa.
Mitsempha yodukaduka ikungokuwa kuti moto! moto!
m'nyumba yopanda utsi.

Masana ndimakhala kulabu ya pakoleji, chipinda chakumapeto,
kumene fani imodzi idafa chaka chatha.
Tsabola yemwe uja timamunyika mu spiriti,
kusefa, kuumitsa, kusefanso,
mpaka m'thumba lathunthu mutsale kaufa koyera
kongokwana pachikhadabo.
A Dokotala Sailaja amati kaufaka kamakuwitsa mtsempha
mpaka usase mawu,
ndipo ukasasa, munthu mwina angagone.
Mawu akuti mwina amawatchula pang'onopang'ono
kuti ndisawaiwale.

Tili ndi makoswe makumi anayi ovulala mwendo umodzi.
Ndimawaimika pagalasi lofunda, wotchi ili m'manja.
Nambala 17 sabata yatha adanyamula phazi pa sekondi yachinayi.
Lero wafika yachisanu ndi chinayi
akupukuta ndevu zake, alibe nazo ntchito.
Cholembera chinandinjenjemera.
Usathamange mtima, anatero adokotala, osadzutsa mutu.
Khoswe mmodzi si umboni. Mawa ubwereze.

Pabasi yobwerera kunyumba
tinatsatira lole yodzaza matumba ofiira,
tonse tikutsokomola, kondakitala akutukwana.

Makoswe ako akuti bwanji lero? anafunsa bambo,
mapazi ali m'beseni la madzi a mumtsuko.
Akuti mudikire.
Anaseka. Iwowo ali ndi nthawi.

Masiku onse mayi amasamba m'manja katatu,
sopo, mafuta a kokonati, sopo,
asanakhudze mapazi amenewo.
Usiku uno sindinamve madzi akukhavuka kuseri.
Kaya anaiwala. Kaya sanaiwale.
Ndinangomva bambo akukuwa,
akuitana milungu iwiri ndi dzina la malemu agogo,
mayi akuti, khalani chete, anthu agona.
Kenaka kubuula.
Kenaka zii.

Ndinagona chagada mumdima, ndikuwerenga.
Ndinapitirira zana, ndinapitirira mazana atatu,
kenaka mkonono unayamba kuseri kwa katani.

Kope langa linali pomwepo, m'chikwama.
Sindinalembemo kanthu.
Bambo mmodzi si umboni.