Denga Lopinda la a Kaphaizi

Anabwera nayo Lachiwiri, mvula itangokata,
galimoto yofiira ngati katondo wa ku Chulu,
yaifupi, ya mipando iwiri yokha,
denga litagwera kumbuyo ngati ambulera wothyoka nthiti.
Anyamata a kabaza anasiya makasitomala pa depoti
kudzaona galimoto yoyenda mutu uli pamtunda.

"Mayi, akuti mumasoka malona a malole a fodya.
Nanga denga ili mungalithe?"

Ndinati ndione kaye.
Nsalu inali itauma ngati chikopa choiwalidwa padzuwa,
zenera la kumbuyo litachita chikasu,
losaonetsa ngakhale phiri la Kasungu,
makoswe atadya msoko wonse wa kumanzere
ndi kusiyapo ndowe zawo ngati risiti.

A Yotamu Kaphaizi anali kapitawo pa esiteti zaka makumi awiri ndi zitatu.
Bwana atalongedza kubwerera kwawo
ya penshoni panalibe.
Anangowaponyera makiyi.

Lona ndinakalitenga ku Chipata, kudzera pa Mwami,
lakuda, lokhuthala, lonunkha phula.
Masabata atatu ndikupalasa makina ndi phazi,
masingano asanu ndi imodzi anathyokerapo,
chala changa chachikulu chinatupa ngati bwemba.
Nthiti zachitsulo ndinazipala dzimbiri,
ndinathira girizi pamfundo iliyonse
mpaka denga linaphunziranso kugwada ndi kudzuka
popanda kulira.

Kenako anabwera mnyamata wa inshuwaransi,
tayi pakhosi, foni m'manja.
Anaizungulira katatu, akugogoda apa ndi apo.
M'kompyuta mwake galimoto yotere munalibe.
"Ndi ya chaka chanji, madala?"
"Mayi ako akubadwa, iyi inali itatha kale matayala anayi."
Iye anawerenga mosapumira:
"Ikagunda, tilipira. Ikapsa, tilipira.
Ikabedwa yonse, tidzakambirana.
Koma nsaluyi ikang'ambidwa ndi mpeni,
ikadyedwa ndi dzuwa kapena khoswe,
imeneyo ndi yanu.
Zili apa, m'timalemba ting'onoting'onoti.
Izigona m'galaja yokhoma,
isapitirire makilomita zikwi zitatu pachaka."

A Kaphaizi anaseka mpaka kutsokomola.
"Ine ulendo wanga ndi umodzi, ku Chamama, Lamlungu."
Anasayina. Mabelo awiri a fodya anathera papepala limenelo.

Ndinkayesa ntchito yatha.
Loweruka anafikanso, chipewa m'manja.
"Kwatsala kamodzi, mayi.
Chophimba cha pamipando, denga likakhala lopinda.
Muikepo zipi pakati."

Ndinatenga tepi ndi choko.
Kuchokera pagalasi kufika kumbuyo,
mabatani okanikiza khumi ndi asanu ndi atatu,
kathumba kovalira chiwongolero.
"Nanga zipiyo ya chiyani, bambo?"

"Kuti ndizitsegula mbali yanga yokha."

Nditawerama kuyeza chitseko chinacho
ndinaona duku lobiriwira, lofwifwa,
lomangidwa mfundo ziwiri pachogwirira.
Mpandowo unali ndi kadzenje ka munthu wochepa thupi.
Sindinafunsenso.
Mbali imeneyo ndinaisoka kawiri,
ulusi ndinaupaka sera,
ndipo polemba mtengo ndinaiwala dala kuwerengera zipi.

Tsopano Lamlungu lililonse, itangokwana seveni,
ndimamva injini ikukhosomola pamphambano.
Amadutsa pang'onopang'ono, denga lili lopinda,
jekete la suti, magalasi akale,
maluwa a pulasitiki atawapanira pantchafu.
Fumbi la msewu limawagwera iwo okha,
m'tsitsi, m'makutu, pamapewa.
Mbali inayo ndi yotseka, yosalala,
mabatani onse ali m'malo mwake.

Dzulo yawapeza mvula pa Gogode.
Abwera atanyowa mpaka m'masokosi,
denga osalidzutsa n'komwe.
Aima pakhomo panga, atsegula zipi pang'ono,
alowetsa dzanja, akhudza mpando uja.

"Ndi pouma," atero.
"Mumasoka bwino, mayi."