Mpweya wa Benzi ya Malemu

Benzi ya malemu a Chikaonda yafika ikubuula,
mayi wamasiye ali pachiwongolero, mpando ataukokera kutsogolo.
Akuti kuchoka ku Mpondabwino mpaka pa Matawale
imakakamira giya yoyamba ngati mwana pachitenje cha amake,
injini kulira mpaka akabaza kucheuka,
kenako gu! yachiwiri kulowa ngati chibakera cha kumsana.

Anyamata a pagalaja pano aweruza kale:
giyabokosi yatha, itanitsani ina ku Joni.
Che Mpaweni sayankha.
Atsegula boneti, nandikodola ine wa miyezi inayi pantchito.

"Zakalezi sizidziwa kompyuta, Twaibu.
Injini ikayamwa mpweya, giya imamva.
Ikayamwa pobooka, giya imadikira uthenga wosafika."

Kapaipi kake n'kowonda ngati phesi la udzu,
kotsika kuchoka ku injini kulowera kumimba.
Akazula, akagwedeza padzanja.
Kouma. Mulibe oyilo wofiira,
ndipo kumbuyo sikufuka utsi woyera.
Ndiye kuti kampira ka m'kati sikanang'ambike.

Tsono akaika pakamwa, bambo wa imvi zake,
ayamwa, natseka ndi lilime.
Lilime likanayenera kumamatira.
Silimamatira.

Chala chiyenda m'kapaipi pang'onopang'ono
ngati cha wosaona pakhoma la nyumba yachilendo,
mpaka kuseri, kumene diso silifika:
timabowo tiwiri, mano a khoswe.

"Inaima nthawi yaitali?"
Mayiwo ayang'ana kuphiri.
"Chaka chathunthu, pambali pa matumba a chimanga.
Makiyi ake ndinkaopa kuwakhudza."

Labala watsopano, kutalika ngati chala changa.
Basi.

Tikwera msewu wa Ku Chawe, mawindo otsegula,
Che Mpaweni khutu atalipendeketsa.
Yachiwiri yalowa msanga kwambiri.
Tiima pokhota, ndikwawira pansi,
ndipotokola kasikulu pang'ono chabe, osakwana theka.
Tiyambanso.
Yachiwiri. Yachitatu.
Osamveka n'komwe, ngati munthu akumeza malovu.

Mayiwo akhala chete mpaka pa damu la Mulunguzi.
"Ankapendeketsa mutu chomwecho," atero,
natsegula kachikwama.
"Mtengo wa labala ndi Fanta wa mwanayu," ayankha Che Mpaweni.

Madzulo onse atachoka
nditola kapaipi kakale m'fumbi la Chinamwali,
nditseka timabowo ndi chala, ndiyamwa.
Lilime ligwira.
Ndichotsa chala.
Litaya.