Basi ya Lachinayi

Podikirira basi m'mudzi wa Ellerthwaite
amatapo pepala latsopano, lokutira pulasitiki
kuti mvula isafufute zomwe khonsolo yagamula:
kuyambira mwezi wamawa basi izibwera Lachinayi lokha,
m'mawa kamodzi, madzulo kamodzi.
M'munsi mwake akutithokoza chifukwa chomvetsa.
Sindikukumbuka tsiku lomwe ndinamvetsa.

Ine ndine wa yunifolomu yabuluu uja,
mwana wa ku Mponela,
amene ndimagogoda pazitseko chisanu chikuluma zala
kudzasambitsa makolo a eni.
Foni ya kampani imandigawira mphindi makumi awiri pakhomo lililonse.
M'mphindi zimenezo ndidzutse Mayi Garbutt,
ndiwaveke masokosi, ndiwerenge mapiritsi,
ndithereke madzi a tiyi,
ndimvenso za amuna awo amene anagona kuseri kwa tchalitchi.
Nkhani imeneyo payokha imafuna ola lathunthu,
ndiye ndimaidula pakati ngati nzimbe,
mfundo zotsalazo tidzatafuna mawa.

Amandilozera pawindo:
positi ofesi inali apo pali chitseko chobiriwirapo.
Lero mumagona alendo a Loweruka,
makiyi ake amakhala m'kabokosi ka manambala.
Sukulu itatsala ndi ana khumi ndi mmodzi
wina kuofesi anawerenga mitu,
anayang'ana bilu ya magetsi,
belu linangoti zii.
Dokotala anasamukira m'tauni.
Akuti tizimupeza pa intaneti,
chonsecho netiweki kuno imagwira pa geti ya nkhosa za a Hedley basi,
nayonso mpaka ukwere pamwala.

A ku London akuti ndalama tinatumiza.
A kukhonsolo akuti zinafika zoperewera.
Onse ali ndi mapepala, onse akulankhula mwaulemu,
ndipo pakati pawo paima Mayi Garbutt ndi ndodo yawo,
m'manja muli kalata ya kuchipatala
yoti akaonetse mtima Lachiwiri.

Khansala anabwera kuholo, munthu wofatsa, maso ofiira ndi tulo.
Anaonetsa mizere yotsetsereka pakhoma,
nati mpando uliwonse wopanda munthu m'basi
umadya ndalama yosamalira okalamba.
Sananame. Malipiro anga amachokera m'thumba lomwelo.
A Hedley anaimirira, chipewa kumanja, nsapato zili matope:
"Kodi mitima yathu mwaiuza
kuti izidwala Lachinayi lokha?"
Anthu anaseka pang'ono.
Kenako kunayamba kukhosomola, ndi kupinda mipando.

Ndikaimba kumudzi amayi amati,
kumeneko ndiye kulibe zoyenda wapansi kupita kuchipatala eti?
Ndimayankha kuti msewu ndi watala mpaka pakhomo.
Sindinena kuti tala sanyamula munthu.

Lachiwiri linali tsiku langa lopuma.
Malamulo a kampani salola, ndikudziwa,
koma ndinakankhira mpando kumbuyo m'kagalimoto kanga kotha matayala,
ndinawafunditsa bulangeti m'maondo,
petulo wa m'thumba mwanga.
Tinadutsa makoma amiyala, nkhosa zonyowa,
mlatho wopapatiza umene khonsolo inaikapo zikwangwani chaka chatha
n'kuiwala kubwerera.
Ndipo m'njiramo, popanda foni yondiwerengera mphindi,
nkhani ija inafika pamapeto pake.
Amuna awo anali dalaivala wa basi yomweyi,
zaka makumi atatu, kasanu patsiku.
Ankaimira aliyense wokweza dzanja, ngakhale pakati pa munda.
Anakumana momwemo, iwo atasowa ndalama yolipira.

Pobwerera kunali kutada, nthawi isanakwane folo koloko.
Podikirira basi paja panaima mnyamata wa a Hedley,
chikwama kumsana, akuwala ndi kafoni kake,
akuwerenga pepala lija kachiwiri
ngati kuti mwina lasintha maganizo.
Mayi Garbutt anandigwira pamkono.
"Imani," anatero. "Wakweza dzanja."